Funsani Amakaniko: Injini ya boti ikungozima pakati pa nyanja

FUNSO

Amakaniko, ndine mayi wa ku Senga Bay m'boma la Salima, ndipo ndili ndi boti limodzi la matabwa, ukonde wa chilimira komanso injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 15 imene ndinagula yatsopano zaka zitatu zapitazo. Kuyambira mwezi wa June injiniyi yayamba kutivutitsa. Padoko imalira bwinobwino pongokoka chingwe kamodzi kapena kawiri, koma alovi anga akayenda mphindi 10 kapena 15 ataipatsa moto wonse, imayamba kufooka, kenako n'kuzima. Akuti akapopa kampira ka papaipi n'kudikira pang'ono imaliranso, koma siyenda mtunda wautali isanazimenso. Sabata yatha anabwerera kumtunda ndi nkhafi usiku mwera utayamba kale, ndipo ine sindinaone tulo kufikira atafika. Makaniko wa kuno watsuka kabuleta kawiri, mapulagi tasintha, koma vuto lili pomwepo. Tsopano akuti ndigule kabuleta ina, alovi akuti injini yatopa, ndipo ena akundinong'oneza kuti pali dzanja la munthu. Petulo timagula pamalo omwetsera mafuta akapezeka, koma akasowa timagula wa m'zigubu kwa mavenda. Ndichite chiyani ndisanataye ndalama zina?

Mayi wa ku Senga Bay, Salima

YANKHO

Mayi, pepani chifukwa cha usiku umene munachezera maso uja, ndipo tithokoze kuti anthu anu anafika kumtunda ali moyo. Mawu anga oyamba ndi akuti musagule kabuleta, ndiponso musagulitse injini. Mwafotokoza matendawa bwino kwambiri moti ndikutha kuona kuti injini yanu ikufa ndi ludzu: petulo akufika ndithu, koma akufika wochepa kuposa amene ikumwa. Injini yotopa sidzuka pongokoka chingwe kamodzi. Za dzanja la munthu zisakusowetseni mtendere, pakuti chizindikiro chilichonse chimene mwatchula chili ndi chifukwa chake chooneka ndi maso komanso chogwirika ndi manja.

Tsatirani nane ulendo wa petulo. Amachokera pansi pa thanki, kukwera m'kapaipi kamene kali m'kati mwa thankimo, kutuluka pa cholumikizira, kudutsa m'paipi yaitali ija ndi m'kampira, kulowa m'injini pa cholumikizira china, kupyola m'kasefa ndi m'pampu ya injini, n'kukathera m'kambale ka pansi pa kabuleta. Kambale kameneka n'kakang'ono, petulo wake sangadzaze ndi kapu ya tiyi yomwe, ndipo injini imamwa kuchokera m'menemo. Ikamalira pang'onopang'ono padoko imangonyambita, choncho ngakhale petulo azibwera modontha, kambale sikauma. Koma injini ya mahosipawa 15 ikapatsidwa moto wonse imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, ndipo njira ikakhala yopanikizika penapake, kambale kamaphwa mpaka injini kufooka ndi kuzima. Alovi akapopa kampira amakhala akudzaza kambale kaja ndi manja, injini n'kudzuka, pakapita kanthawi kambale n'kuphwanso. Kabuleta ndi pothera ulendo chabe. Makaniko wanu watsuka mtsuko kawiri pamene vuto lili kuchitsime kapena panjira yochokera kuchitsimeko.

Musanamasule chilichonse, khalani pansi ndi amene amagwira injini usiku, mumufunse mmene imafera. Injini imene yasowa moto wa papulagi imazima mwadzidzidzi ngati nyale yozimitsidwa ndi mphepo, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi waya womasuka kapena kachingwe kofiira kozimitsira kaja katasololoka. Imene yatentha imayamba yasiya kukodza, kutanthauza kuti madzi otuluka kumbuyo aja achepa kapena aleka, ndipo mukavundukula mupeza mutu wa injini wosagwirika. Ya ludzu imafa modandaula: imakwera, kutsika, kukweranso ngati munthu wopuma mwawefuwefu, kenako n'kuleka. Ngati akuuzani zachitatuzi, tili panjira yoyenera.

Mboni yaikulu pa mlandu umenewu ndi kampira, ndipo ndimadandaula kuti anthu ambiri amathamangira kukapopa asanakayang'ane. Awuzeni alovi kuti injini ikadzazimanso, asadzapope msanga. Adzayambe aunika kampira ndi tochi n'kukagwira. Akakapeza kataphwa, makoma ake atamamatirana ngati pali wina wakaponda, ndiye kuti injini imakoka koma kuthanki sikumachokera kanthu, choncho chotchinga chili pakati pa thanki ndi kampira. Akakapeza kali kotukuka koma kopepuka, kodzaza mpweya m'malo mwa petulo, ndiye kuti pali potulukira pamene paipi ikuyamwa mphepo, kapena pampu ya injini yalephera kukoka. Akakapopa n'kulimba gwa mosavuta koma injini n'kumafookabe, vuto lili kutsogolo, kusefa kapena kukabuleta. Ndipo akapopa kosaleka, kampira osalimba, petulo n'kumatayikira pakamwa pa kabuleta, ndiye kuti kasingano kotseka petulo m'kambale kagwidwa ndi kachitsotso kapena kadyeka. Dziwaninso kuti injini ikamayenda kampira sikakhala kolimba. Kamafewa pang'ono, ndipo zimenezo si matenda. Popopa, muvi wolembedwa pa kampirapo uloze kuinjini, ndipo ndi bwino kukaimiritsa muviwo utaloza kumwamba kuti timavavu ta m'katimo titseke bwino.

Tsopano mawu amodzi a m'kalata yanu andikhala pamtima, ndiwo mwezi wa June. Imeneyo ndi nthawi ya mwera, pamene mafunde amakula ndipo chilichonse cha m'boti chimakhutchumuka. Pamwamba pa chitsekerero cha thanki pali kasikuluu kakang'ono kopumira. Petulo akamatuluka, mpweya uyenera kulowa kudzera pamenepo kuti utenge malo ake. Kakatsekedwa, thanki imayamba kudzikoka yokha, ndipo pakapita mphindi zingapo pampu ya injini imagonja. Mwera ukayamba, alovi ambiri amamanga kasikuluu kameneka poopa kuti petulo atayika kapena madzi alowa, ndipo cholinga chawo n'chabwino, koma zotsatira zake ndi ndendende zimene mwalembazi: mphindi 10 kapena 15 zoyenda bwino, kufooka, kuzima, ndi kudzukanso pambuyo podikira, chifukwa m'kudikira muja mpweya umakhala utalowa pang'onopang'ono.

Ndinaitanidwapo pa doko lina ku Nkhotakota kumene mwini boti anali atagula kale kabuleta yatsopano, koma injini ikuchitabe zomwezo. Ndinapempha kuti tiyende nawo panyanja. Itazima, ndinayang'ana thanki ndipo ndinaona kuti m'mbali mwake mwalowa m'kati ngati mimba ya munthu wogona ndi njala. Nditapotokola chitsekerero tonse tinamva mpweya ukulowa kuti fyuu, ndipo pansi pa chitsekererocho panali pepala la pulasitiki la shuga lopindidwa kanayi, limene mnyamata wina anaika chifukwa mphira wa pachitsekerero unali utatha ndipo petulo ankamunyowetsa miyendo. Pepala lija linatseka ndi kabowo kopumira komwe. Tinalichotsa, n'kuyenda ola lathunthu injini osatsokomola n'kamodzi komwe. Choncho yambani pamenepo, Mayi, pakuti sipafuna ndalama. Kasikuluu kakhale komasula nthawi yonse imene injini ikulira, ndipo ngati kabowo kake katsekeka ndi mchenga kapena dzimbiri, kayeretsedwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: injini ikayamba kufooka, mmodzi amasule chitsekerero chonse pang'ono, ikatsitsimuka nthawi yomweyo, mlandu watha.

Mwera uli ndi mbali ina. Zinyalala zimene zinakhazikika pansi pa thanki miyezi ya bata zimavunduka mafunde akakula, ndipo zimakaunjikana pa kasefa ka kunsonga kwa kapaipi ka m'kati mwa thanki. Injini ikazima n'kusiya kukoka, zinyalala zija zimagwa, njira n'kutsegukanso kwa kanthawi. Mankhwala ake ndi kukhuthula thanki yonse, kuitsuka ndi petulo woyera pang'ono, ndi kumasula pamene pamatulukira paipi kuti muone kapaipi kaja. Nthawi zina mumakapeza katang'aluka chakumtunda, ndipo thanki ikafika theka kamayamba kuyamwa mpweya. Onaninso kuti thanki, chigubu kapena mulu wa ukonde sizikukhalira paipi, chifukwa m'boti la chilimira malo ndi ochepa ndipo phazi la munthu mmodzi likhoza kuzimitsa injini.

Ngati mukufuna njira yachidule yodulira mlanduwu pakati, bwerekani thanki ndi paipi yake yonse kwa mnzanu wa padoko amene injini yake ikuyenda bwino, muthiremo petulo wa pamalo omwetsera mafuta, ndipo alovi akayese masana, kufupi ndi gombe, ataipatsa moto wonse kwa theka la ola. Ikayenda bwino, injini yanu ilibe mlandu, ndipo ndalama zanu zipite ku paipi, kampira kapena chitsekerero. Ikazimabe, vuto lili pansi pa chivundikiro. Kuyesa kumeneku ndimakukonda koposa kwina kulikonse chifukwa kumathetsa mikangano ya pakati pa mwini boti, alovi ndi makaniko popanda wina kulozedwa chala.

Paipi ya zaka zitatu imene yakhala pa dzuwa la ku Salima ndi yoyenera kuikayikira. Mphira umauma n'kuchita timing'alu, makamaka pafupi ndi zolumikizira ndi mbali zonse ziwiri za kampira. Chovuta n'chakuti mng'alu wotere sutulutsa petulo kuti muuone, chifukwa m'paipimo injini imakoka, sikankha. Mng'alu umangolowetsa mpweya mwakachetechete. Pa cholumikizira cha kuinjini pali kamphira kozungulira kamene kamadyeka chifukwa cholumikiza ndi kulumula tsiku ndi tsiku, manja ali ndi mchenga. Popani kampira mpaka kalimbe, mupitirize kukafinya, wina aziyendetsa chala m'paipi yonse ndi pa zolumikizira. Pamene panyowa ndi pomwepo. Makaniko wodziwa ntchito amalumikiza kwa kanthawi kachidutswa ka paipi yoonekera m'kati pafupi ndi injini n'kuyang'ana ngati mukudutsa thovu. Paipi ikapezeka yolakwa, musaimange ndi lekeni kapena kuisinthanitsa ndi paipi ya madzi. Gulani yopangidwira petulo. Kumbukirani kuti petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo ethanol amadya mphira wosayenera kuyambira m'kati, moti paipi imaoneka yabwino kunja pamene m'kati ikusenda timakoko takuda timene timakatseka sefa.

Tikalowa pansi pa chivundikiro, woyamba kumufunsa ndi kasefa. Ndi kakapu koonekera m'kati kamene kali m'mbali mwa injini. Kamasuleni, muone ngati pansi pake pali madzi, mchenga kapena timakoko tija, mutsuke kaukonde kake ndi petulo, ndipo pobwezera onetsetsani kuti kamphira kake kakhala bwino, chifukwa kakapindika pamakhalanso polowera mpweya.

Wachiwiri ndi pampu ya injini, ndipo ngati kuthanki ndi kupaipi simupeza kanthu, ine ndikanaika chala changa pamenepa. Pampu imeneyi ilibe mota. M'kati mwake muli kachikopa kopyapyala ka mphira kamene kamagunda ngati mtima potsatira kupuma kwa injini pisitoni ikamakwera ndi kutsika, ndipo kugunda kumeneko ndiko kumakoka petulo kuchokera kuthanki. Kachikopa kakauma kapena kutambasuka, kamakwanitsa ntchito yaing'ono ya padoko koma kamalephera ya moto wonse. Kuyesa kwake ndi uku: injini ikayamba kufooka, isanazime, mmodzi ayambe kufinya kampira mobwerezabwereza. Ikatsitsimuka n'kumayenda bwino malinga ngati dzanja likupopa, ndiye kuti dzanja likugwira ntchito ya pampu, ndipo ngati paipi mwaiyesa kale n'kuipeza yopanda potulukira, pampuyo yatha. Kachikopa kakabooka, petulo amadutsira pabowopo kulowa m'mimba mwa injini, ndipo mudzaona pulagi imodzi yakuda ndi yonyowa pamene inzake ili youma. Makaniko atsimikize pomasula pampu n'kuona ngati kachikopa kabooka. Zachikopa zimenezi zimagulitsidwa pazokha, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa kabuleta.

Sindikunena kuti kabuleta singakhale ndi vuto. Ikhoza kukhala nalo, koma ngati thanki ndi yauve, mudzaitsuka Lolemba n'kudzatsekekanso Lachitatu. Zonse zam'mbuyo zikakonzedwa, itsukidwe kotsiriza, ndipo kutsuka kwake kukhale kwenikweni: kumasula kambale, kuchotsa jeti yaikulu ndi jeti yaing'ono (tizipangizo ta mabowo opyapyala odutsira petulo), kuzipenyera kudzuwa kuti kuwala kudutse, ndi kupemerera tinjira tonse ndi mpweya wamphamvu. Ndikupempha amakaniko anzanga a m'madoko kuti aleke kutokosa majeti ndi mbedza, singano kapena waya wachitsulo. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo bowo lake linayezedwa ku fakitale. Likakula ngakhale pang'ono, injini imayamba kumwa mopitirira ndi kudetsa mapulagi mpaka kalekale. Kachingwe ka nayiloni kowedzera n'kokwanira kukankha kachitsotso.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimve ngati mwini chuma. Injini ngati yanuyi ilibe posungira oyilo. Oyilo wake amabwera pamodzi ndi petulo. Choncho petulo akachepa, oyilo wachepanso, ndipo pa nthawi yomweyo moto wa m'kati umatentha kopitirira chifukwa mpweya wachuluka. Nthawi iliyonse imene alovi akukakamiza injini yofooka ndi moto wonse kuti akafike pamene pali usipa, pisitoni imakhala ikukhulana ndi khoma lake pouma, ndipo mapeto ake ndi kunoka. Masulani mapulagi muwaone: nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndi yabwino, koma yoyera ngati phulusa ikunena kuti injini yakhala ikuyenda ndi njala. Musalole boti kupitanso kutali usiku vutoli lisanapezeke. Likadzapezeka, m'botimo muzikhala nthawi zonse nkhafi zokwanira, nangula wa chingwe chachitali, tochi, sipanala ya mapulagi, mapulagi awiri apadera ndi paipi ina yathunthu yokhala ndi kampira kake. Injini ikazima mwera ukuwomba, choyamba ndi kuponya nangula kapena kulozetsa mutu wa boti kumafunde ndi nkhafi, kenako kukonza, ndipo pokonzapo pasakhale fodya kapena nyale ya moto pafupi, chifukwa nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya ndipo imakhazikika pansi pa boti pamene pali mapazi a anthu.

Za petulo wa m'zigubu, werengani yankho lotsatirali, chifukwa likukhudza inunso.

FUNSO

Ndimanyamula anthu ndi katundu pa boti la injini ya mahosipawa 40 m'madoko a kumpoto kwa Nkhata Bay. Nyanja ikakhala bata injini imayenda bwino, koma mafunde akakula imatsokomola, kuphulika, nthawi zina n'kuzima, ndipo ikatero imavuta kwambiri kudzuka. Nditakhuthula thanki ndinapeza madzi pansi. Mnzanga akuti ndizithira sipiriti kapena kachasu pang'ono kuti madziwo asungunuke. Kodi n'zoona?

Woyendetsa boti, Nkhata Bay

YANKHO

Bambo, musathire kachasu m'thanki. Gawo lalikulu la kachasu ndi madzi, choncho mukhala mukuwonjezera mdani yemweyo amene mukufuna kuchotsa. Sipiriti nayenso sachotsa madzi. Amangowanyamula n'kuwapititsa m'injini, ndipo pa injini imene oyilo wake ali m'petulo, zimenezo zimachepetsa mafuta ofewetsa pisitoni ndi mabering'i. Madzi a m'thanki amachotsedwa pokhuthula, palibe njira ina.

Chimene chikuchitika ndi ichi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhazikika pansi, pamene kapaipi kokoka kali pafupi. Pa bata amakhala phee pangodya ina ya thanki, koma boti likayamba kudumpha amathamangira kukamwa kwa kapaipi, n'kukafika m'kambale ka kabuleta. Kumeneko amakhalanso pansi, pamene pali jeti yaikulu, ndipo dontho limodzi n'lokwanira kutseka bowo lake. N'chifukwa chake imavuta kudzuka: mukhoza kukoka chingwe mpaka phewa kuwawa, koma madzi sayaka. Pansi pa kambale pali sikuluu yokhetsera. Imasuleni pang'ono, mulandire zotulukazo m'kachitini koyera kapena pa nsalu, mupope kampira mpaka patuluke petulo yekhayekha, mumange, kenako mupukute mapulagi. Injini ya makabuleta awiri ikhetsedwe onse.

Madziwo amalowa m'njira zingapo. Ena amabwera ndi petulo yemweyo, makamaka wa m'zigubu zimene dzulo lake zinatungira madzi kapena zinagona pa mvula. Ena amalowa pachitsekerero chotha mphira mafunde akamakhavukira m'boti. Enanso amachokera mumpweya: thanki yotsala theka ikatentha masana n'kuzizira usiku imachita thukuta m'kati, ndipo ethanol wa m'petulo amakoka chinyezi chimenecho. Madzi akachuluka, ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi pamodzi ndi madziwo, ndipo wotsala pamwambayo amakhala wofooka, wosayenera kumudalira pa boti lonyamula anthu.

Ndikudziwa kuti mafuta akasowa simungaimike ntchito, choncho sindikuuzani kuti musagule kwa mavenda. Ndikuuzani kuti muziyesa musanalipire. Khalani ndi botolo lagalasi loyera ndi louma. Khutchumulani chigubu, muthire pang'ono m'botolomo, mulisiye kwa mphindi zingapo pamthunzi. Petulo wabwino amaoneka mbee, kuwala kumadutsa. Wa madzi amachita chifunga kapena amaonetsa mzere pansi, ndipo wosakaniza ndi palafini amasiya mafuta pa chala m'malo mouma msanga. Pothira m'thanki gwiritsani faneli yokhala ndi sefa kapena nsalu yoyera yosatuluka ubweya, thirirani pa thabwa osati pamchenga, ndipo lita yotsiriza ya pansi pa chigubu musaithire. Thanki izikhala pamalo okwera pang'ono, yophimbidwa kuti madzi asakhavukire pa kasikuluu kopumira, koma osakatseka.

FUNSO

Injini yanga inakhala miyezi itatu osalira pa nthawi imene usodzi unali wotsekedwa ku chilumba cha Mbenji. Tsopano imalira pokhapokha choki chili chokoka, ndikachibweza imazima. Ena akuti ndiwonjezere oyilo m'petulo kuti ifewe. Ndithire wochuluka bwanji?

Msodzi wa ku Chikombe, Salima

YANKHO

Achimwene, oyilo musawonjezere, chifukwa vuto lanu si kuuma kwa injini. Choki chimatseka mpweya kuti injini ikoke petulo wambiri. Ngati ikulira ndi choki chokha, ndiye kuti njira yake ya masiku onse yatsekeka, ndipo pa injini imene yagona miyezi itatu njira imeneyo ndi jeti yaing'ono. Petulo amene anatsala m'kambale anauluka ndi kutentha kwa dzinja, n'kusiya oyilo ndi utomoni womata ngati uchi wouma, ndipo bowo la jeti yaing'ono, limene ndi lopyapyala kuposa singano, ndilo limayamba kutsekeka. Apa ndiye pamene kutsuka kabuleta kuli mankhwala enieni. Petulo amene anagona m'thanki miyezi yonseyo musamugwiritsenso ntchito pa injiniyi. Mudzamudziwa ndi fungo lake lowawasa ngati la penti yakale ndi mtundu wake wodera.

Muyezo wa oyilo pa injini za Enduro zimene zatha kale nthawi yozolowera ndi gawo limodzi pa magawo 50 a petulo. Kutanthauza kuti malita 5 amafuna mamililita 100, chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400, ndipo malita 25 amafuna theka la lita. Injini yatsopano, pa maola 10 oyamba, imafuna kawiri kake, gawo limodzi pa 25. Oyilo akhale wa injini za m'madzi, wolembedwa TC-W3 pa botolo, osati wa galimoto. Mukapyola muyezo, mapulagi amada, utsi umachuluka ndipo mwaye umamata mphete za pisitoni. Mukachepetsa, mukuitana kunoka. Thirani oyilo m'chigubu muli petulo pang'ono, mukhutchumule, kenako mudzazitse n'kukhutchumulanso.

Chaka chamawa akadzatseka, tsiku lomaliza mudzalumule paipi pa injini ikulira pang'onopang'ono mwendo wake uli m'madzi, muisiye mpaka izime yokha, kenako mumasule sikuluu yokhetsera kuti kambale kaume. Mudzachotse mapulagi, kudonthezera oyilo pang'ono m'mabowo ake, kukoka chingwe pang'onopang'ono kangapo ndi kuwabwezera. Thanki mudzaikhuthule, paipi mudzaipachike m'nyumba kutali ndi dzuwa ndi makoswe, ndipo injini idzaime chilili pamthunzi, yophimbidwa kuti mavu asamange dothi m'kabowo kokodzera.